Namfedwa wa ku South Bend

Ndikukumbukira Anti Nasibeko, amene tinkayandikana nawo nyumba ku South Bend, kutsidya kwa nyanja kuno. Ankagwira ntchito yosambitsa nkhalamba, koma ukawafunsa ankati ndi katswiri wa zisudzo. Ati kale ku Blantyre, wailesi ya kanema isanabwere, anthu ankakwera m'mazenera a holo kuti awaone akulira ngati namfedwa. Ife ana, poti tinali odziwa zonse, tinkangoti "oke Anti" maso ali pa foni. Akuluakulu ankawatcha katswiri wa matewera, koma akatembenuka.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, komiti ya phwando la Khirisimasi la Amalawi ku Indianapolis inawalola kuchita sewero, monyinyirika. Unali mwayi umodzi wokha woti tiwakhulupirire. Anatulutsa chilundu chakuda chonunkha mankhwala a njenjete, ndipo ulendo wonse m'galimoto ya bambo sanayankhule. Ankangopsontha madzi a uchi, ati akusunga mawu.

Holo ya phwandolo, ku Speedway mu Indianapolis momwemo, inkanunkhira nkhuku yokazinga ndi perefyumu. Komiti, mwa nzeru zake zakuya, inaiwala kulengeza za sewerolo. Anti nawo sakanayambira pa siteji, pakuti wobwera pamaliro amayamba kulira ali panjira. Anayambira koimika magalimoto, m'chisanu muja.

"Mayo ine! Ana awa wandisiyira ndani?"

Aliyense m'holomo anali munthu wogona ndi foni kumutu usiku uliwonse, kuopa uthenga wa kumudzi. Amayi anga anagwetsa mbale ya mpunga. Azimayi a ma digiri awo anavula nsapato zazitali n'kukhala pansi tambalale, kulira kuli pakamwa. Azibambo anatuluka panja kukazizidwa monga mwa mwambo, ndipo wapampando anali ataimba kale foni ku Ntcheu kufunsa ngati amayi ake akupuma. Palibe anafunsa kuti wamwalira ndani, chifukwa aliyense anali naye wake mumtima. Inenso ndinalira, mantha atandigwira.

Zitadziwika kuti ndi sewero, anthu anapsa mtima koopsa. Komiti inagamula pomwepo kuti Anti asadzayandikirenso siteji, ndipo sewerolo linathera pakhomo. Pobwerera bambo anawakalipira mpaka titatuluka m'tauni, iwo akupinda chilundu chawo pamwendo.

"Achimwene," anatero Anti pamapeto, "ku Blantyre ankangondiombera m'manja. Awa alira."

Sanachitenso sewero lina. Atamwalira, mtembo unapita kumudzi, ndipo ife tinatsatira maliro pa foni, wina ali ku ntchito, wina ali m'sitolo. Tapita patsogolo masiku ano, timalira mwaulemu, osasokoneza oyandikana nawo. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiwalire monga ankayenera, koma ndinapeza kuti sindidziwa poyambira. Ndinangotumiza kankhope ka misozi pa gulu lathu la pa foni, ngati anzanga onse.