Malonje Amene Ndinapereka ku Bundabunda

Nkhani iyi si yopeka ayi, inandichitikira ine ndemwe, ndipo ndaisunga zaka zambiri osauza ngakhale mkazi wanga. Maina sinditchula, chifukwa ena mwa anthuwa akadali moyo ndipo timakumana pamsika pa Chongwe.

Chinali chaka chotsatira chilala chija tinkadya chimanga chachikasu. Ndinali nditangomaliza sukulu kwathu ku Nkomeshya, ndipo amalume anandipezera ntchito ku Lusaka kwa loya wina woimira anthu oimbidwa milandu ikuluikulu. Ba loya sankamva Chisoli, chilankhulo cha kwathu, choncho ine ndinkawamasulira akamalankhula ndi anthu akwathu kuno, ndipo ndinkawaopa kwambiri moti masiku oyamba ndinkagwada polowa mu ofesi mpaka anandiletsa.

Tinalandira mlandu wa bambo wina wa ku Bundabunda amene ankati anapha mlamu wake kumtsinje atakangana za ng'ombe, ndipo masiku amenewo wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha ankagamulidwa kunyongedwa. Titakamuona kundende, anatiuza kuti tsiku la imfayo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, anali padenga kufolera nyumba ya mayi wina wamasiye, ndipo mayiyo ndiye ankamuponyera mitolo ya udzu. Mboni yake inali yomweyo basi.

Ba loya anandituma kukapeza mayiyo kuti ndipangane naye tsiku lobwera ku Lusaka. Anandichenjeza kawiri konse kuti ndisauze aliyense dzina la munthu amene ndikumufuna ngakhale chimene ndadzera, ine n'kuvomera ndi mutu.

Ndinakwera minibasi, kenako lole, kwinako wapansi, ndipo cha kumasana ndinasokera n'kukhotera pakhomo loyamba limene ndinaona. Mayi wina wachikulire wovala mpango wakuda anandipatsa mpando ndi kapu ya munkoyo, chakumwa chathu chonga thobwa, amuna angapo anabwera kudzakhala pafupi, kenako wamkulu wa imvi anandipempha malonje. Inu amene munakulira kumudzi, ndiuzeni, munthu wa msinkhu wa agogo ako atakumwetsa n'kukufunsa malonje, ungamunamize bwanji? Pakamwa panga panangotseguka monga anandilelera. Ndinanena dzina langa, kwathu, amene ndimawagwirira ntchito, mayi amene ndikumufuna, ndi zimene ankayenera kukanena kukhoti.

Nditangotchula womangidwayo, mayi wa mpango wakuda uja anandilanda kapu pang'onopang'ono n'kuthira munkoyo wotsalawo pansi. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti ndakhala pakhomo pa mayi ake a malemu.

Palibe anakalipa, ndipo n'zimene zinandiopsa kwambiri. Wamkulu uja anangoti mlendo salekereredwa kusokera, andiperekeza. Ananyamuka amuna asanu, nkhwangwa zili paphewa ngati akupita kumunda, ine pakati. Sanadzere njira yachidule koma ya kumanda, ndipo anandiimika pamtumbira wina kuti ndiuone bwino. Mmodzi anandifunsanso dzina la amayi anga, ndipo nditayankha anaseka n'kunena kuti amawadziwa, si aja nyumba yawo ili kuseri kwa tchalitchi? Ndinkapunthwa pamalo opanda mwala.

Tinapeza mayi wamasiye uja akusenda mtedza pakhonde, ana awiri aang'ono ali pambali pake. Amuna aja anaima kumbuyo kwanga, wamkuluyo n'kunena kuti mnyamata wa loya afunse tsopano zimene wadzera, onse amve. Ndinafunsa. Mayiyo sanandiyang'ane, anayang'ana nkhwangwa zija, kenako ana ake, ndipo anayankha kuti womangidwayo sanafikepo pakhomo pake, nyumbayo inafoleredwa kalekale mwamuna wake ali moyo. Akunena zimenezi, udzu watsopano unali mbee pamwamba pa mutu wake.

Anandiperekeza mpaka kumsewu, n'kunditsanzika mwaulemu kuti ndikawapatse moni amayi.

Kulakwa kwanga kwachiwiri n'kumene kumandidya mpaka lero. Ba loya atandifunsa, ndinangoti mboni yakana. Anandiyang'anitsitsa n'kundifunsa ngati wina anaiopseza, chifukwa ngati zinali choncho panali njira zimene akanatsata kukhoti. Ine, poopa kuti akhumudwa nane, komanso pokumbukira nyumba ija ya kuseri kwa tchalitchi, ndinati ayi bwana, wangokana yekha. Kodi mawu ochepa ngati amenewo angaphe munthu? Angathe.

Ba loya analimbana nawo mlanduwo mmene akanathera, anapanikiza mboni za boma ndi mafunso mpaka ina inasokonezeka, koma panalibe wonena kumene bamboyo anali tsiku lija. Woweruza anagamula kuti anyongedwe. Asanamukweze galimoto, bamboyo anapempha msilikali wa ndende kuti andiitane, ndipo anandigwira dzanja, unyolo ukulira, n'kundithokoza ponditchula kuti mwana wanga, ati ndinavutika kuyenda mtunda wonse uja chifukwa cha iye. Ndinangoyang'ana pansi. Patapita zaka ziwiri tinamva kuti anamwalira ndi chifuwa kundende ku Kabwe, apilo yake isanamvedwe. Ntchitoyo ndinaisiya mwezi womwewo.

Sindine woweruza, ndipo kumtsinjeko ine kunalibe, koma denga lija ndinaliona ndi maso angawa, ndipo ndimakhulupirira kuti bamboyo ankanena zoona. Ndimakhulupiriranso kuti ulemu umene anatiphunzitsa ndi wabwino, koma ine ndinaugwiritsa ntchito pogulitsa moyo wa munthu. Achinyamata inu amene mukulowa ntchito zoterezi, mukatumidwa mutanyamula moyo wa wina, imwani madzi, thokozani, funsani njira yokha basi. Ndipo mukalakwitsa, kaululeni tsiku lomwelo kwa amene wakutumani, nthawi ikadalipo. Ine ndinakhala chete, ndipo mpaka lero ndikadutsa pa nyumba yofoleredwa kumene ndimayang'ana kumbali.