Khungu la pamkono m'kamwa mwa amayi

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene amayi anayambanso kumeza phala. Madokotala a ku Blantyre anali atawachotsa khansa m'tsaya, n'kudula khungu pamkono wawo wamanzere kukamata pamene panatsala bowo. Anawauza kuti azibwerabe kudzaonedwa. Ine ndinati mvula yakata, ndikasake ndalama. Pa siteji ya ku Nsanama amayi anandigwira dzanja, mpango uli kukamwa, n'kundiuza kuti ndisamaphonye swala, mapemphero athu achisilamu.

Ku Joni ndinkagulitsa m'shopu ya munthu, kugona kuseri kwa matumba a mpunga. Ndisaname, ndinkasungulumwa koopsa. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe, ndipo ndinkanenetsa kuti ina ndi ya thiransipoti ya ku chipatala. Mlongo wanga Asiyatu ndiye ankagwira foni. Tsiku lina anandiuza kuti pachigamba paja pamera tsitsi, amayi tsopano ali ndi ndevu zam'kati. Tinaseka mpaka misozi. Pa vidiyo amayi ankaoneka maso okha, koma sindinadabwe, chifukwa chichitireni opaleshoni mpangowo sunkachoka.

Zaka zinapita choncho. Kenako mawu awo anayamba kulemera, ndipo pa Idi Asiyatu anaulula kuti nyama sanailawe. Ndinakwera basi.

Nditafika, chinandilonjera choyamba ndi nyumba yamalata kuseri kwa ya amayi, njerwa zootcha, zitseko zopenta. Ndinafunsa kuti ndi ya ndani. Asiyatu anayang'ana pansi, n'kundiuza kuti amayi anamangira ine. Ndalama za thiransipoti zija ndi zimene zinali padengapo. Ku Blantyre amayi anasiya kalekale kupita.

Mwana wamwamuna sasuzumira m'kamwa mwa mayi ake, koma tsiku limenelo ulemu ndinauika pambali. Pakati pa chigamba panali chilonda choyera m'mbali, cholimba, ndipo m'khosi munali chotupa. Ndinawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete.

"Matenda aja anali a m'kamwa, Yusufu, ndipo anawachotsa," anatero. "Ili ndi khungu la pamkono. Ndalitsuka moyo wanga wonse ndisanaswali. Lingadwale bwanji?"

Ku Blantyre dokotala anatifotokozera kuti khungu likasamukira m'kamwa limatha kugwidwa khansa yakeyake, yatsopano, ngakhale patapita zaka. Sizichitika kawirikawiri, n'chifukwa chake amafuna kumaliona. Likadaonedwa msanga akadangodula. Tsopano inali itafalikira, chotsala n'kuchepetsa ululu basi.

Pobwerera ndinalira mu minibasi, anthu akuona. Ndinakwiyira Asiyatu, ndinakwiyira Joni, ndinakwiyira malata aja. Titadutsa pa Liwonde amayi anandikoka malaya, n'kutsitsa mpango kuti ndimve bwino.

"Ukadapanda kukhala ndi pogona, ukadabwereranso konko. Tsopano ukhala eti?"

Ndinakhala. Nyumba ija ndikugonamo, ndipo mvula ikamagwa padenga sindimva china koma funso limenelo. Ya amayi ili ndi loko chiwaikireni m'manda.