Mchere wa Boma m'Dimba la a Albina

A Estêvão a ku Ntengo-Wambalame sadya mchere. Mukawafunsa amati anamwino a ku Tsangano adawaletsa. Anamwinowo sawadziwa n'komwe.

Pa nthawi ya nkhondo iwo ankasunga loja ya boma, sitolo ya mashelefu ambiri, chidindo chimodzi ndi matumba angapo a mchere. Lamulo lidabwera lakuti mcherewo usagwe m'manja mwa adani. Za kabisidwe kake lamulo silidanene, poti malamulo salowerera tinkhani ting'onoting'ono. A Estêvão adakwirira matumbawo kumtunda kwa dimba la alamu awo, a Albina, mayi wamasiye. Sadawauze. Chinsinsi cha boma sauza alamu.

Mvula itagwa, kachewere wa a Albina, chakudya chokha cha ana awo, adayamba kufota nthaka ili ndi chinyontho.

"Alamu, inu munapitako ku shikola kukaphunzira," adatero a Albina. "Mbewu imafa bwanji ndi ludzu itaima m'madzi?"

"Ndi nkhondoyi, alamu. Zonse zasokonekera."

Aphunzitsi, a Hilário, adalawa dothi nalavula. Adafotokoza kuti muzu uli ndi kakhungu kolola madzi kudutsa, ndipo madzi amalowera kumene kwachuluka mchere. Mchere ukachuluka m'dothi kuposa m'muzu, muzu ndiwo umamwetsa dothi. Atatero adayang'ana a Estêvão. A Estêvão adayang'ana ng'ombe, zomwe zinali kalikiliki kunyambita padzenje paja.

Mbiri ya mcherewo itamveka, akuluakulu a boma a zikwama m'manja adabwera kuchokera ku Tsangano, nafukula masaka opanda kanthu, nagamula kuti mwini dimba adaba mchere wa boma kuti adyetse adani. A Estêvão akadanena zoona, mlandu wosungunula chuma cha boma ukadagwera iwo. Adatsegula pakamwa, nangokhosomola. Chidindo chotsimikizira chigamulocho adabwereketsa ndi iwo omwe.

A Albina sadadikire kuitanidwa kachiwiri. Adatenga ana nawolokera ku Ntcheu, ndipo mtendere utabwera iwo sadabwere nawo.

Mpaka lero a Estêvão amapatutsira madzi a mumtsinje m'dimba lija kuti atsuke dothi, ngakhale mchere udatha kalekale ndipo kachewere amabereka bwino. Akakumba amamusanja m'kanyumba ka a Albina, osagulitsa, osalawako. Akayamba kuphuka, amamubzalanso momwemo.

"Eni ake ali paulendo," amauza ofuna kugula.