Mawanga oyera m'mutu mwa mwana wanga

Ine mawanga ndinabadwa nawo. Ndi abulauni, ngati pamene tiyi wamkaka watayikira pansalu, ena kumsana, ena pamimba, ndi timadontho m'khwapa. Nditakula kunabwera tizotupa tofewa m'mikono. Mayi anga analinso chimodzimodzi, ndiye kwathu sichinali chinthu chopitira nacho kuchipatala. Mwana wanga wamkazi atabadwa nawo, kuno ku Matundo, anthu anangoseka n'kumati uyu ngakhale atasochera pamsika tidzamudziwa.

Mavuto anayamba atalowa sukulu. Pakamwa pake palibe vuto, amandiposa ineyo: Chinyanja m'nyumba, Chinyungwe ndi anzake pamsewu, Chipwitikizi cha pawailesi. Koma mupatseni lapisi ndi kope muone. Zilembo zinkakwera, kutsika, kutuluka mumzere, ndipo chimene waphunzira lero mawa chinali chitapita. Aphunzitsi ake, mayi wamtali wa ku Matema, ankamufunsa tsiku ndi tsiku, akalephera rula m'manja. Anandiitanitsa n'kundiuza kuti mwanayu nzeru ali nazo koma ndi waulesi. Ndinabwerera kunyumba nditapsa mtima, osadziwa kuti ndapsera ndani.

Kenako mutu unayamba kumupweteka pafupipafupi. Tinakwera shapa, minibasi ya kuno, kuoloka mlatho wa Zambezi kupita m'tauni. Dokotala anamuvula malaya, kuyang'ana mawanga aja, kenako anandigwira mkono ineyo n'kuutembenuza. Anatchula dzina lalitali, nyurofibromatozi, n'kunena kuti ndi matenda oyenda m'magazi a banja. Ndinali mayi wa mwana wa sukulu tsiku limene ndinamva koyamba kuti ndine wodwala. Anati pafunika chithunzi cha m'kati mwa mutu, chojambulidwa ndi makina aakulu. Ife tili ndi abale amene anatsala ku Blantyre pamene makolo athu ankabwerera kuno nkhondo itatha, choncho tinapita kumeneko.

Makinawo ali ngati mgolo wogoneka, ndipo amachita phokoso ngati chigayo. Ndinavula ndolo, kumugwira phazi mwana wanga mpaka anamaliza. Sanalire.

Dokotala wa kumeneko anali mtsikana, ndipo ankayankhula Chichewa, ndiye ndinamva mawu alionse. Anaika chithunzi chakudacho pagalasi lowala. Munali mitu ing'onoing'ono yambiri m'mizere, ndipo mwa ina munkaoneka timawanga toyera.

"Mayi, musaope," anatero. "Izi si zotupa, si zilonda. Ana ambiri a matendawa amakhala nazo, ndipo kawirikawiri zimazilala akamakula."

"Ndiye ndi zimenezi zikumulepheretsa kulemba?"

"Mwina zikukhudzako, mwina ayi. Ife madokotala sitinagwirizanebe. Alipo ana a mawanga ambiri amene amakhoza, alipo opanda mawanga amene amavutika. Chithunzichi sichiyeza nzeru. Mwanayu akhale kutsogolo m'kalasi, azipatsidwa ntchito pang'onopang'ono, ndipo azifunsidwa kawirikawiri. Asamusiye."

Mawu amenewo ndinawabwereza mumtima njira yonse, kudutsa pa Zobwe mpaka kufika kunyumba, kuopa kuti angandithawe.

Kwathu kuno munthu akachokera kuchipatala chakutali anthu amabwera kudzazonda, ndipo uyenera kuwaonetsa zimene wabwera nazo: mankhwala, khadi, chithunzi. Ukabisa amati pali chimene ukubisa. Ndiye Lamulungu masana khonde linadzaza, ndipo envulopu yaikulu ija inatuluka. Achimwene anga, amalume ake a mwanayo, ndi amene anaitsegula. Iwo amagwira ntchito ya malasha ku Moatize, kumene antchito amajambulidwa chifuwa nthawi ndi nthawi, ndiye m'banja mwathu ndiwo amaoneka odziwa zithunzi. Anakweza chithunzicho kudzuwa ndi manja awiri, anthu n'kuunjikana kumbuyo kwawo.

"Apa, apa, ndi apanso," anatero akuloza ndi chala. "Ine izi ndaziona kwa anzanga. Poyera m'chithunzi ndi podyeka. Mnzathu wina mapapo ake anaoneka chonchi, ntchito inathera pomwepo."

"Achimwene, uwu ndi mutu, si chifuwa. Dokotala wanena kuti..."

"Dokotala amakutonthoza, mlongo. Angakuuze pamaso kuti ubongo wa mwana wako wadyeka?"

Chithunzi chinayenda m'manja ngati cha ukwati. Aliyense kuchikweza kudzuwa, aliyense kupukusa mutu. Mwana wanga anali pomwepo, atakhala pamwala akusenda malambe, akumva zonse.

Madzulo ake achimwene anagamula kuti asiye sukulu, azindithandiza kugulitsa tomato, tisamuzunze ndi zinthu zimene mutu wake sungathe. Mawu a malume kwathu salowa m'khutu limodzi n'kutulukira linalo. Bambo ake a mwanayo anangoyang'ana pansi. Ine ndinakana, ndipo ndinakana mwaukali, mpaka oyandikana nawo anasuzumira pampanda.

"Nanga iweyo," achimwene anandifunsa modekha, "si uli ndi mawanga omwewo? Sukulu unafika nayo pati?"

Ndinasiyira kalasi yachitatu. Zilembo zinkandithawa ngati mmene zimamuthawira mwanayu, ndipo aphunzitsi anga atatopa nane anandikhazika kumbuyo, pafupi ndi khomo. Ndinakhala pamenepo osafunsidwa kanthu mpaka tsiku lina ndinangoleka kupita, ndipo palibe anabwera kudzandifuna. Mawu a achimwene anandipweteka chifukwa anali oona.

Komabe sindinagonje. Ndinati mwanayu ndinamubereka ndine, apita kusukulu ngakhale mundikwiyire chaka chathunthu. Anandikwiyiradi, koma Lolemba mwana anavala yunifolomu.

Ndinamuperekeza ndekha, mawu a dokotala ndili nawo pakamwa: kutsogolo, pang'onopang'ono, azifunsidwa. Koma nkhani ku Matundo imayenda msanga kuposa shapa. Aphunzitsi aja ananditsogolera kuyankhula, atandigwira dzanja, maso ali ndi misozi.

"Mama, tamva kale. Mundikhululukire, ndinkamumenya osadziwa kuti m'mutu mwake muli choncho. Sindimuvutitsanso."

Ndinayesa kufotokoza. Chipwitikizi changa n'chopunduka, iwo Chinyanja amangomva patalipatali, ndipo ana odzaza kalasi ankachita phokoso kumbuyo kwawo. Ankangovomera ndi mutu, "sim, mama, sim," akundisisita dzanja. Munthu wokalipa ungakangane naye. Wachisoni ungamutani? Ndinatuluka pachipata ndili wofooka kuposa tsiku la mkangano lija.

Ndapitako kangapo kuchokera pamenepo. Nthawi zonse amandilandira bwino, amandipatsa mpando, amanditsimikizira kuti mwana akusamalidwa. Envulopu ija ndinaiika pansi pa matiresi, koma zilibenso ntchito, bairo yonse, dera lathu lino, inaiona kale. Mawangawo mwina akuzilala m'mutu mwake monga ananenera dokotala, sindikudziwa. M'maso mwa anthu sazilala.

Tsiku lina mwana wanga anabwera kuchokera kusukulu akudumphadumpha, fumbi mpaka m'mawondo. Kope lake nditalitsegula, masamba a sabata yonse anali oyera.

"Amama, sukulu ikukoma masiku ano," anatero akumwa madzi. "Aphunzitsi sandimenyanso."

"Nanga lero akufunsa chiyani?"

"Ine sandifunsa. Anandipatsa malo abwino kumbuyo, pafupi ndi khomo. Pamapita mphepo."