Kababu Kofiira ka pa Dashibodi

Chaka chatha ndinataya mkazi wanga Mwansa. Ndinatayanso tulo, chilakolako cha chakudya, ndi munthu yekhayo amene ankafupikitsa dzina langa, Dalitso, n'kumanditcha Dali.

Ndikukumbukira dzinja lina ku Kanyama, ndili ku pulayimale. Atate ankayendetsa lole ya munthu wina, yonyamula mchenga ndi miyala. Tsiku lina anadutsa nayo m'madzi osefukira, waya wosupuka n'kugunda chitsulo, utsi n'kutuluka pansi pa chiwongolero. Anamata wayayo ndi tepi, anasintha fyuzi, ndipo lole inalira. Koma m'mawa uliwonse batire inkapezeka itafa, ndipo theka la komboni linkaitanidwa kudzakankha m'matope. Mwini lole anati ngati alitaneta, chipangizo chodzaza batire, yapsa, atate abweze makiyi.

Atate anaiyesa mmene madalaivala onse ankayesera: anazula waya wa batire injini ikulira. Sinazime. "Mwaona? Alitaneta ili chabe bwino," anatero. M'mawa mwake tinakankhanso.

Ba Chileshe, aneba athu ochokera ku migodi, ankakonza magetsi a galimoto pansi pa mtengo wa mango. Ndiwo anali bambo ake a Mwansa. Atamva za mayesowo anaseka. "Ba Phiri, iyi ni dizilo. Olo muchose batire muponye mu ngalande, izalila chabe."

Anamasula alitaneta, anaigoneka pa saka, n'kuinunkhiza ngati nsomba ya pamsika. Sinkanunkha kupsa. Anaitsegula, anayesa mawaya a m'kati, osapeza cholakwika. Ataibwezera analiza injini n'kuyandikiza sikuludiraiva kumbuyo kwake, pomwe alitaneta yogwira ntchito imakoka chitsulo. Sinakoke. Atate anakhala pa tayala lakutha, makiyi a nyumba akuwatembenuza m'manja. 

Ine ndi Mwansa anatikweza kutsogolo kwa lole kuti tichoke m'matope. Mpando unkanunkha dizilo ndi waya wopsa. Mwansa ankadya chitumbuwa osandigawira, mafuta akuwapukutira pa kabudula wanga.

"Mwansa!" anaitana ba Chileshe ali pansi pa lole. "Tembenuza kiyi pang'ono, osaliza. Kababu kofiila kayaka?"

"Sikanayake, batate."

"Ndiye vili bwino," anatero atate. "Kaja kamayaka pakakhala vuto."

Ba Chileshe anatuluka pansi pa lole pang'onopang'ono. Anafotokoza kuti kababuko kayenera kuyaka ukatembenuza kiyi, n'kuzima injini ikalira, chifukwa moto wochepa wodzutsa alitaneta umadutsa mwa iko. Shoti ya waya wosupuka uja inali itakapsereza. Masiku onsewo atate ankaona mdima pa dashibodi n'kumakhulupirira kuti zonse zili bwino.

Anazula kababu kena ka pa dashibodi pomwepo n'kuika m'malo mwake. Mwansa anatembenuza kiyi, anandigunda ndi chigongono: "Ona, Dali, kayaka!" Injini italira kanazima, ndipo sikuludiraiva inamatirira. Atate anayendetsa loleyo mpaka ine nditalowa koleji.

Lero mtengo wa mango uja anaudula, pali kashopu ka mafoni. Malole atsopano amawalumikiza ku kompyuta, palibenso wonunkhiza. Kanyama yekha ndiye amasefukirabe.

Mwansa sanali munthu wodandaula. Ankapita ku ntchito, ankaseka, ankandilanda chakudya m'mbale. Matenda anamudya mwakachetechete, ndipo tonse, posaona chizindikiro, tinkati ali bwino. Pamene tinkafika naye kuchipatala nthawi inali itatha.

Masana omaliza ndinakhala pambali pa bedi. Pa makina amene anamulumikizako, kababu kofiira kanayamba kuphethira, ndipo ndinamva nsapato za nesi zikufulumira m'khonde. Mwansa anatembenuza mutu movutikira, anakayang'ana, kenako anayang'ana ine. Pakamwa pake panali ngati pakufuna kuseka.

"Ona, Dali," anatero. "Kayaka."