Majuzi a Mayi Rakele

Mayi Rakele, amene tinawaika m'manda Lachiwiri lapitali, sanali a kuno. Ambirife tinaiwala zimenezo, koma eni ake sanaiwale.

Anabadwira ku Nsanje, kumene munthu amagona osafunda. Atakhoza Sitandade 8 anasankhidwira kusekondale yogonera komweko m'mapiri athu a Dowa ano. Anafika ndi madiresi awiri ndi chitenje, opanda juzi. Chisanu cha mu Juni chinawang'amba milomo, ndipo anzawo ankaseka Chisena chawo mpaka iwo analeka kukweza dzanja m'kalasi. Patchuthi ena akamapita kwawo, iwo ankatsala n'kumasesa m'tchalitchi, poti kwawo kunali kutali. Bambo awo anamwalira teremu ili mkati, uthenga n'kufika ataikidwa kale. Kenako madzi osefukira anakokolola mudzi wawo, abale n'kubalalika. Kobwerera kunalibenso.

Anakwatiwa ndi a Obadiya, mkulu wa mpingo wathu, nalowa Chigwirizano cha amayi, nayamba ntchito yophikira ana pasukulu yomwe ija. Apa mpamene tinawadziwira. Teremu ikamatsegulidwa ankaima pasiteji ndi majuzi oluka okha, kuyang'ana ana otsika minibasi manja ali m'khwapa. Majuziwo, kunena zoona, sanali okongola: mkono wina unkatalika kuposa unzake. Koma ana a ku Chitipa, Nsanje ndi Mangochi, Mkhristu kaya Msilamu, anafundamo, ndipo patchuthi ankagona pakhomo pawo.

Tikawafunsa kuti adzapita liti kukaona kwawo, ankaseka. “Teremu ikubwerayi,” ankatero. “Nanga anawa ndiwasiyire yani?”

Atadwala kotsiriza, Chichewa chinawathawa. Ankangoyankhula Chisena, ndipo amuna awo, ana awo, ngakhale ife amayi anzawo, tinangoti kakasi. Zinatiwawa kwambiri: zaka zonsezi tikudya nawo, panalibe ndi mmodzi yemwe anaphunzirako mawu a kwawo. Tinaitanitsa a Esitere, namwino wa ku Nsanje amene anavalako juzi yawo ali Fomu 1. Anagwada pamphasa n'kutchera khutu.

“Akuti bwanji?” anafunsa a Obadiya.

“Akufunsa ngati basi ya kwathu yafika, bambo.”

“Ndiye mwawayankha chiyani?”

“Ndati yafika, malo aliponso.”

Anapempherera limodzi m'Chisena, ndipo Mayi Rakele anagona mwamtendere dzuwa lisanalowe.

M'dengu mwawo tinapezamo juzi yotsala mkono umodzi. Sukulu ikutsegulira Lolemba, abale, ndipo chaka chino kwazizira.