Majakisoni a M'sutikesi

Opaleshoni yochepetsa chifu ndinachitidwa mobisa. Amene ankadziwa ndi bambo a kunyumba okha, ndipo ndinachita kuwalumbiritsa. Kutchalitchi kwathu ku Leicester, kuno ku Mangalande, tinanena kuti ndi ndulu. Anthu athu ndimawadziwa ine: ukanenepa amati kunja kwakuyanja, ukayamba kuwonda amanong'onezana za matenda aja, ndiye ukawauza kuti unakadulitsa chifu dala, wawapatsa ndiwo ya chaka chonse. Akanandimvera ndani kuti maondo anali atatha ndi masitepe a kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito, ndiponso kuti shuga inali itafika kale pakhomo?

Potuluka m'chipatala anandipatsa katoni ya majakisoni ndi kabini kachikasu kotayamo singano. Nesi anandifotokozera kuti munthu wa thupi ngati langa akachitidwa opaleshoni n'kumangogona, magazi amatha kuundana mumtsempha wa mwendo, ndipo oundanawo akathothoka n'kukafika m'mapapo, nkhani imathera pomwepo. Jakisoniyo ndi woletsa zimenezo. Ndizidzibaya ndekha pamimba, kamodzi patsiku, nthawi yomweyomweyo, kutali ndi mchombo ndi mabala. Anati mwendo ukatupa ndisaukhudze, ndithamangire kuchipatala. Anabwerezanso kawiri kuti ndikazula singano ndisamatikitepo.

Ndinavomera ndi mutu, koma dzanja langa linaphunzira kale ndili mwana kuti ukabayidwa umatenga thonje n'kutikita kuti mankhwala ayende. Ndinkatikita ndithu, mwamphamvu, ngati ndikuchapa kolala ya malaya. Pofika tsiku lachisanu pamimba panga panali mikwingwirima yakuda bii, ina yaikulu ngati chikhatho.

Tsiku lomwelo tchuthi cha bambo chinatha, ndipo osandifunsa n'komwe anaitana achemwali awo a ku Wigston, kufupi ndi Leicester komweko, kuti adzakhale gadiyani wanga. Kwathu wodwala sasiyidwa yekha, zimenezo ndikudziwa, koma ndinapsa mtima mpaka mabala anawawa. Alamu angawa amagwira ntchito kufakitale ya masangweji. Ndi mayi wamtali, wosaseka wamba, ndipo chiyambire tsiku la chinkhoswe chathu ndinkakhulupirira kuti sandifuna. Palibe choipa chimene anandiuzapo. Ankangondiyang'ana, ndipo kwa ine zimenezo zinali zokwanira.

Ndinawalamula bambo kuti aike katoni ija ndi kabini m'sutikesi, sutikesiyo aikweze pamwamba pa wadirobu. Ndinangotsala ndi majakisoni awiri m'thumba la gauni. Za mawa ndinati zidziwika mawa.

Alamu anafika kwathu ku Braunstone ndi chikwama, zitenje ndi beseni lawolawo, ngati kwathu kulibe mabeseni. Masana omwewo anaumirira kundithandiza kuvala. Ndinakana, iwo osamva, ndipo polimbanapo chitenje changa chinagwa. Anayang'ana pamimba paja, n'kundiyang'ana kumaso. Anatola chitenjecho n'kundimangira okha, pang'onopang'ono.

Kuyambira pamenepo nyumba yanga inasanduka polisi. Anawauza bambo kuti azigona pa sofa, iwo n'kuyala matiresi m'mbali mwa bedi langa. Ndikapita kuchimbudzi ankaima pakhomo, ati mwina ndingagwe. Bambo akalowa kuchipinda kudzandizonda, nawo ankalowa, n'kuyamba kupinda zovala zopindapinda kale. Ndikamwa masipuni awiri a phala lamadzimadzi n'kunena kuti ndakhuta, ankayang'ana mbale, kenako mlongo wawoyo. Tsiku lina ndinawapeza akufufuza m'dirowa momwe timasunga mapepala, ndipo anati akufuna lumo. Lumo m'kati mwa mapepala a nyumba?

Chinandimaliza ndi foni. Ankakayankhira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mabini, motsitsa mawu. Ndinatsegula zenera pang'ono ndipo ndinamva akunena kuti mwiniwake sanaulule kanthu, koma iwo aona ndi maso awo. Ndinadziwa kuti basi, nkhani yanga yafika kale kutchalitchi ndi kumudzi komwe. Ndinawada tsiku limenelo, ndisaname.

Majakisoni awiri aja ndinabayira m'chimbudzi, mpopi ndikuutsegula kuti asamve kanthu, singano n'kuzikulunga m'sokosi. Atatha, otsalawo anali pamwamba pa wadirobu, ine wosaloledwa kunyamula ngakhale ketulo yodzaza. Bambo ankalawirira kuntchito, ndipo akabwera panalibe mphindi yoti tikhale awiri. Ankangondifunsa ndi maso, chala akulozetsa pamimba, ine n'kugwedeza mutu kuti zatheka. Njira ikanapezeka ndikanaifuna. Koma singano ndinkaiopa kuyambira kale, ndipo manyazi anandipatsa chonamizira chabwino. Ndinkadziuza kuti tsiku limodzi silingaphe munthu. Linakhala lachiwiri, kenako lachitatu.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndinadzuka katumba ka mwendo wamanzere katatupa, kotentha, kowawa ngati ndamenyedwa ndi mpini. Ndinadziwa chimene chinali. Mantha anandigwira, koma chimene ndinachita n'kutsitsa chitenje kuti chifike kuphazi. Onani uchitsiru wake. Ndinayesa kuyenda mowongoka kupita kubafa, ndipo alamu anali pakhonde la masitepe, akuona chilichonse.

Posakhalitsa analowa ndi beseni lawo lija, madzi akufuka nthunzi, kansalu kali paphewa. Kuthowa ndiye mankhwala athu a chotupa chilichonse: kansalu konyika m'madzi otentha, kukanikiza ndi kufinya mpaka wodwala alire. Anagwada pansi n'kunena kuti ndibweretse mwendowo. Mawu a nesi aja anandibwerera onse. Ndinakokera mwendo pabedi n'kuwauza kuti asaukhudze.

Anakhazika kansalu kaja m'beseni. Anadzuka n'kukatseka chitseko, ngakhale m'nyumba monse tinalimo awiri okha, ndipo anadzakhala pamphepete pa bedi.

"Alamu, musamubisire," anatero. "Pamimba paja ndinaona, ndipo si mabala a opaleshoni okha. Dzulo ndangopita pa shopu mphindi khumi, lero mwendo. Ndi mlongo wanga akuchita zimenezi?"

Poyamba sindinamve n'komwe chimene ankafunsa. Iwo anapitiriza, maso ali pabeseni.

"Amayi athu ankati agwa pachitsime, ankati aombedwa ndi chitseko. Ife ana tinkamva zonse, palibe anayankhulapo. Ine sindikhalanso chete kachiwiri. Bag yanu ndapakira kale. Ku Wigston kuli room, landlady ndalankhula naye, wavomera."

Landlady ameneyo, mayi wa ku Zambia mwini nyumba imene alamu amachita lendi, ndiye ankalankhula naye kuseri kwa mabini kuja. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Mwamuna wanga, munthu woti akapeza kangaude amamutulutsa panja ndi kapu, anali akuonedwa ngati chigawenga m'nyumba yakeyake chifukwa cha chinsinsi changa. Ndipo mayi amene ndinkati sandifuna anali wokonzeka kutaya mlongo wake wa bere limodzi kuti andipulumutse ine, mkazi wobwera.

Ndinawapempha kuti atsitse sutikesi. Anaitsegula, anaona katoni ndi kabini kachikasu, ndipo ndinawauza zonse: za chifu, za shuga, za kutikita kwanga, za chimene chimachitika magazi akaundana m'mwendo. Ndinkadikira kuti andinyoze kapena aseke. Anangofunsa kuti ndakhala masiku angati osabaya. Ndinati atatu.

"Chifukwa cha ine?"

Anatenga foni n'kuitana takisi, ndipo anandiletsa kuponda pansi mpaka itafika.

Kuchipatala anaunika mwendowo n'kupeza kuti magazi aundanadi mumtsempha, koma anali asanasunthe. Dokotala anafunsa ngati wina anautikita. Nditati ayi, anati ndachita mwayi. Alamu anali pampando wa pafupi, ndipo ndinawaona akuyang'ana manja awo nthawi yaitali, kenako anawabisa m'chitenje. Mankhwala amene ndikanamaliza m'masabata ochepa anasanduka a miyezi. Safunsa anadya phula, ndipo tonse awiri tinadya, koma wambiri ndinadya ine.

Titabwerera kunyumba, katoni ija inakhala poyera, patebulo la pambali pa bedi. Nthawi ikakwana alamu ankabwera osaitanidwa. Kubaya ankakana, ati mtima wawo sungapirire, ndipo ankayang'ana kukhoma. Koma ndikangozula singano ankagwira dzanja langa lamanja n'kulipanikiza pabondo pawo mpaka chilakolako chotikita chitatha. Mikwingwirima inayamba kuzilala.

Chikwama chimene anandilongedzera anandibwezera tsiku limene ankabwerera ku Wigston. Anali atachibisa kuseri kwa makina ochapira. Munali zovala zamasiku angapo, yunifolomu yanga ya kuntchito, mankhwala anga a shuga ndi pasipoti yanga, imene ankaifuna m'dirowa muja tsiku la lumo. Ndinakhala pansi n'kulira, chikwamacho chili pamiyendo.

Tsopano madiresi anga onse ndinachepetsa, ndipo kutchalitchi akunong'onezanadi monga ndinanenera. Mayi wina anawakokera alamu pambali tikumwa tiyi, n'kuwafunsa ngati kuwonda kotereku ndi kwabwinobwino. Ndinali chapafupi, ndinamva. Alamu anamuyang'ana ndi diso lawo lija limene ine ndinaliopa zaka zonsezi, n'kunena kuti ndi ndulu. Mayiyo sanafunsenso.

Changa akundisungira, nanenso ndikuwasungira chawo. Bambo a kunyumba mpaka lero amakhulupirira kuti anagona pa sofa sabata yonse ija chifukwa cha mkonono.